Kompyuta Yofunda Nsalu

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndili Sitandade 7, pamene ndinakana kupepesa kwa bambo anga. Mpaka lero sindinapepese, choncho amene akuyembekeza kuti nkhani ino ithera pa kulapa angovundukula tsamba lina.

Tinkakhala ku Kawale, m'nyumba ya malata yopanda siling'i, m'zaka zija zoyambirira za m'ma 2000 pamene foni ya m'manja inali ikadali chinthu cha mabwana. Bambo anali makaniko ku Biwi, koma osati wa chilichonse ayi. Iwo ntchito yawo inali marediyeta basi, zoziziritsira injini zija. Minibasi ikawira panjira ya ku Area 25, kapena lole ikayamba kufuka nthunzi ku Kanengo, madalaivala ankadziwa kolowera. Amayi ankagulitsa kaunjika mumsika, ndipo kunyumba anali ndi lamulo limodzi losasintha, lakuti chinthu chamtengo chimafunda. Wailesi inali ndi kansalu kake koluka, TV inali ndi kake, ngakhale fulasiki ya tiyi inali ndi kachipewa. Sindikuwaseka. Aliyense amene anakhalako ku Kawale m'chilimwe amalidziwa fumbi lofiira lija, lomwe umasesa m'mawa koma pofika masana ukhoza kulemba dzina lako patebulo.

Kompyuta inabwera ndi malume anga, achimwene awo a amayi, amene anali mesenjala pa ofesi ina m'tauni. Ofesiyo itagula makina atsopano inagawira antchito makina akale aja, ndipo poti kwa malume ku Mgona kunalibe magetsi, yawo anadzaisiya kwathu. Anandionetsa poyatsira ndi pozimitsira, kenaka anandigwira phewa.

"Tadala, uisamale," anatero. "Imeneyi ikafa, sikudzabweranso ina."

Mawu amenewo amayi anawamva mwa njira yawo. Anachotsa mbale za alendo m'munsi mwa kabati, nakulunga bokosi la kompyutayo ndi chitenje chatsopano, nalilowetsa m'menemo, pamwamba nayala kansalu koluka koyera. Bambo anaboola kabowo kumbuyo kwa kabati kodutsira mawaya. Sikirini ndi kiyibodi zinakhala patebulo pambali pake. Poyatsa unkatsegula chitseko, kulowetsa chala pansi pa chitenje, kudina batani, n'kutsekanso msanga fumbi lisanalowe.

Ndinkaloledwa ola limodzi patsiku ndikamaliza kutsuka mbale, ndipo ola limenelo ndilo ndinkadzukira m'mawa. Munali kapulogalamu kophunzitsa kutaipa, ndipo pofika mwezi wa Ogasiti ndinali nditayamba kutaipa osayang'ana zala. Ndinkaikonda kompyuta ija kuposa momwe ndinkakondera anthu ena apachibale, ndipo sindichita manyazi kunena zimenezi.

Dzuwa la Okutobala litafika, inayamba kudwala. Ukaiyatsa, pakapita mphindi makumi awiri m'kabati munkamveka kulira ngati minibasi yodzaza ikukwera chitunda, kenaka sikirini n'kuchita mdima. Zonse zomwe unataipa zapita. Ukaisiya kwa kanthawi inkayakanso, koma n'kuzimanso mofulumira kuposa poyamba.

Bambo anagwada pa kabati madzulo ena, nalowetsa dzanja pansi pa chitenje, naliika pachitsulo monga ankachitira ndi boneti ya galimoto.

"Iyi ikuchita ovahiti," anatero, ndipo nkhope yawo inawala. Kwa miyezi yonseyi makina aja anali mlendo wolankhula chilankhulo chomwe iwo sankachimva, ndiye lero anali atadwala matenda a ku Biwi. "Chilichonse chotentha chimafuna madzi."

Patapita masiku awiri anabwera ndi nkhani. Kasitomala wawo wina, amene anakhalako kunja, anawauza kuti kumeneko makompyuta amphamvu amawaziziritsa ndi madzi. Anati m'kati mwa bokosi muli kachipangizo kakang'ono ngati bokosi la machesi, kotchedwa purosesa, ndipo ndiko kamatentha. Umaikapo kachitsulo kamphako, madzi n'kumadutsa m'menemo, kupita ku rediyeta, n'kubwereranso atazizira. Bambo anajambula zonsezi kuseri kwa kalendala. Karediyeta kakang'ono ka hita yofunditsa m'kati mwa galimoto anali nako kale, kochotsa m'galimoto yakufa. Kapampu anatenga kaja kopopera madzi pagalasi la kutsogolo. Mapaipi anali oonekera m'kati. Kachitsulo kamkuwa anakauza Che Saidi, mmisiri wa malata, kuti awasulire. Ntchito yonse anaiika Loweruka, malume akabwera, ndipo analamula kuti wina asayerekeze kutsegula bokosilo tsikulo lisanafike.

Koma ine ndinali nditaona chinthu. Loweruka lapitalo amayi anachotsa chitenje ndi kansalu kaja kuti achape, naiwala kutseka chitseko cha kabati. Tsiku limenelo kompyuta inayenda mpaka ola langa linatha, ndinabanso theka la ola lina, osazima. Nsalu zitauma n'kubwerera, matenda anabwereranso. Ndinadikira mpaka tikudya chakudya chamadzulo.

"Abambo, ine ndikuona ngati sikufuna madzi. Ikungobanika."

Amayi ndiwo anayamba kuyankha, chifukwa muvi unalasa nsalu zawo. "Ndiye ukufuna ikhale pambalambanda, fumbi lonseli? Mwana iwe, mawu a akulu amakoma akagonera."

Bambo anaseka, osati mwankhanza, koma kuseka kwa munthu amene wamva mwana akunena kuti mwezi ukumutsatira. "Mphepo ndi ya anthu, mwanangu. Makina enieni amazizira ndi madzi. Ndagwira ntchito imeneyi iwe usanabadwe."

"Nanga njinga yamoto ya abusa ija ili ndi rediyeta?"

Ndinadziwa kuti ndalumpha malire, koma ndinadziwanso kuti funsolo linalibe yankho, ndipo mumtima ndinakondwa. Bambo anasamba m'manja asanakhute.

"Pakamwa pako padzakupweteketsa," anatero. "Ukagwira bokosi limenelo, ukupita ku Ntcheu kwa azakhali ako. Kumeneko ukatsutsane ndi mbuzi."

Sikunali kuopseza kwachabe. Azakhali anali atapempha kale kawiri kuti awapatse mwana wowathandiza, ndipo kwawo kunalibe magetsi, sukulu inali kuseri kwa phiri.

Lachinayi anandituma kukatenga kachitsulo kaja. Che Saidi anali mmisiri wa malata wa ku Mangochi, amene ankakhoma ndowa, mbaula ndi zothirira dimba pansi pa mtengo wa kesha pafupi ndi msika. Anali munthu wa mawu ochepa, wovala kachipewa koyera kosadetsedwa ngakhale ankagwira ntchito ya mwaye. Kachitsuloko anakasula mokongola, kosalala, kokhala ndi timilomo tiwiri tolowetsapo mapaipi. Ndinakatembenuzatembenuza m'manja.

"Che Saidi, kodi sikadzadontha?"

"Kanga sikadontha," anayankha osakweza mutu. "Koma ndakhala ndikukhoma ndowa zaka zambiri, mwanangu. Pomwe pakumana zinthu ziwiri, madzi amadikira. Sathamanga ayi, amangodikira."

Ndinabwerera kunyumba mawu amenewo akundizungulira m'mutu. Ndinawerenga malo olumikiza pa chojambula cha bambo ndipo ndinapeza asanu ndi amodzi. Dontho limodzi pa magetsi a m'kati muja likanakwana, ndipo malume anali atanena kale kuti sikudzabweranso ina. Ndinayeza zinthu ziwirizo. Ndikaitsegula, ndipita ku Ntcheu koma kompyuta ikhala moyo. Ndikaisiya, ndikhala ku Kawale n'kumayang'ana kabati yosungira maliro. Ndinaona kuti bola Ntcheu.

Lachisanu masana, nditaweruka kusukulu, amayi akadali kumsika, ndinazula mawaya onse, ndinatulutsa bokosi m'kabati n'kuliika patebulo. Sikuludiraiva ndinatenga m'chitini cha bambo. Kasikuluwu kamodzi kanagwera pansi pa mpando. Nditachotsa chitsulo cham'mbali, ndinayetsemula katatu.

M'katimo munali Kawale yense. Fumbi lija lomwe amayi ankalimbana nalo linali litalowa kalekale, mwina kuyambira ku ofesi, ndipo poti linalibe potulukira linangomanga mudzi. Pakati panali kafani kakang'ono, ndipo pansi pa kafaniko panali chitsulo cha timizere topyapyala tambirimbiri, toimirira ngati mano a chipeso. Pakati pa fani ndi timizereto panali chiguduli cha fumbi ndi ulusi wa chitenje, chokhuthala ngati bulangete, ndi mphemvu ziwiri zouma. Fani ija inkalira chonchija chifukwa inkapemerera bulangete.

Chigudulicho ndinachisenda ndi kamtengo ka machesi, chinachoka chathunthu, ndipo ndinachiyala pa nyuzipepala. Kenaka ndinatenga mswachi wakale ndi pampu ya njinga ya bambo. Ndinapopa mpaka mikono inawawa, fumbi likutuluka lofiira n'kumandidzaza m'mphuno. Nditamaliza sindinatseke. Ndinalumikiza mawaya, ndinapemphera pemphero lalifupi la munthu wolakwa, n'kudina batani. Inayaka. Fani inkazungulira mwakachetechete moti ndinachita kuyandikitsa khutu.

Amayi anafika cha m'ma folo, napeza bokosi lili yasa patebulo, matumbo onse panja, chitenje chawo chili pansi. Sanakalipe. Anangokhala pampando nagwira m'mutu, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kukalipa. Bambo anafika dzuwa likupendeka, atanyamula batire ya galimoto paphewa yoti idzayendetse kapampu kawo. Anaima pakhomo.

"Wachita ndani?"

"Ndine, abambo. Yayenda maola atatu osazima."

"Sindinakufunse za maola."

Anathyola kanthambi ka mtengo wa pichesi kuseri kwa nyumba. Bambo sanali munthu womenya ana, ndipo ndikhulupirira kuti tsiku limenelo dzanja lawo linkalemera. Ndinatambasula chikhato ndekha. Anandikwapula katatu, ndipo kachitatuko misozi inatuluka yokha, koma mawu sindinatulutse.

"Pepesa, nkhani ithe," anatero bambo.

Amayi anandiyang'ana ndi maso ondichonderera. Liwu lake ndi lalifupi, ndipo ndinali nditalinena kambirimbiri pa zinthu zazing'ono, monga kuswa kapu ndi kupsereza ndiwo. Koma ndinadziwa kuti ndikalinena pano ndiye kuti ndavomera kuti sindinaone zomwe ndinaona, ndipo mawa madzi alowa.

"Sindipepesa, abambo. Kumenya menyani, koma madzi musathire."

Anataya kanthambi kaja. "Mayi a Tadala, mulongedzereni chikwama. Lolemba akwera basi." Kenaka anazula waya kukhoma, osayang'ana n'komwe m'kati mwa bokosi, natuluka.

Loweruka m'mawa chikwama changa chinali kale pakona, chomangidwa. Malume anatumiza uthenga kuti awaitana kuntchito, sabwera. Bambo anati palibe kanthu, achita okha. Anayala zipangizo zawo pakhonde, ndipo Che Saidi anabwera kudzaona ntchito ya manja awo. Pano ndinene zoona, chifukwa bambo anali mmisiri weniweni: chinthu chija chinagwira ntchito. Analumikiza mapaipi, anathira madzi, anagunditsa waya pa batire, kapampu n'kuyamba kulira. Madzi ankaoneka akuthamanga m'mapaipi. Anatenga ayironi yamakala yotentha naigunditsa pa kachitsulo kamkuwa, ndipo patapita kanthawi anandiitana kuti ndikhudze mbali ina. Kanali kofunda chabe. Pa malo amodzi olumikiza panatuluka kadontho, bambo anamanga ndi waya, kadonthoko kanasiya. Che Saidi anakayang'ana, kenaka anandiyang'ana ine.

Bambo ananyamula zonse kulowa nazo m'nyumba. Anandipeza nditaima pakati pa iwo ndi tebulo, nyuzipepala ili m'manja. Munthu amene chikwama chake chamangidwa kale alibenso choopa.

"Choka apo."

"Ndichoka, abambo. Koma ndifunse kaye. Galimoto ikabwera ku Biwi ikuwira, rediyeta yake itatsekeka ndi matope ndi udzu, mumayamba ndi chiyani?"

Ndinawapatsa nyuzipepala ija. Anayang'ana chiguduli cha fumbi, anachitsina ndi zala ziwiri, chinanyenyeka. Che Saidi, amene anali ataima pakhomo, anakhosomola pang'ono.

"Achimwene, wamisala anaona nkhondo. Tangosuzumirani."

Bambo anatsitsa katundu wawo pansi, nawerama. Apa m'pamene ndinazindikira chinthu chomwe sichinandifikepo m'maganizo: bambo anali asanaonepo m'kati mwa kompyuta chibadwire. Munthu amene ankapasula injini ya lole ngati akusenda nthochi ankaliopa bokosi lija, ndipo n'chifukwa chake ankadikira malume. Zonse anazikonza pongomva za kasitomala. Anayang'anitsitsa chitsulo cha timizere chija. Anayendetsa chikhadabo pa timizereto pang'onopang'ono, monga ankachitira pofufuza rediyeta yobowoka.

"Iyitu ndi rediyeta," anatero motsitsa mawu, ngati akudziuza okha. "Inalimo kale."

Anatembenuka nayang'ana kabati, m'munsi muja mopanda zenera, ndi chitenje chomwe amayi anali atachipinda bwino kudikira kubwerera pamalo pake. Kenaka anayang'ana karediyeta kawo pansi. Ndinaona akuwerenga m'mutu. Nakonso akanakaika m'kabati momwemo, kuseri kwa chitseko chotseka, ndipo madzi aja akanazungulira mpaka kufunda ngati tiyi. Palibe munthu ku Lilongwe amene ankadziwa bwino kuposa iwo kuti rediyeta yopanda mphepo ndi poto chabe.

"Yatsa," anandiuza.

Ndinayatsa. Anakoka mpando nakhala pamaso pa bokosi lotsegulalo, manja ali pamaondo. Dzuwa linakwera, malata anayamba kulira ndi kutentha, Che Saidi anatsanzika kuti abwerere kuntchito, amayi anabweretsa thobwa, bambo ali pompo. Nthawi ndi nthawi ankaika chala pachitsulo chija. Pofika masana anaimirira, natenga zipangizo zawo kukaziika kuseri kwa nyumba. Pobwera anali ndi njerwa ziwiri, nakhazikapo bokosi pansi pa zenera.

"Mayi a Tadala, nsaluyi muzifunditsa ikazima basi. Ikamayenda izikhala choncho."

Amayi anang'ung'udza kuti chinthu chamtengo chikhala bwanji chosafunda alendo akuona, koma anamvera. Za chikwama panalibe amene ananena kanthu. Chinakhala pakona Loweruka lonse ndi Lamulungu lonse, ine ndikuchidutsa ngati sindikuchiona. Kufunsa sindinafune, chifukwa kufunsa kukanakhala theka la kupepesa. Lolemba m'mawa ndinavala diresi la paulendo ndi kukhala pabedi kudikira. Bambo anasuzumira pakhomo atavala kale ovolosi.

"Iwe, sukulu yatsekedwa kodi? Yunifolomu ili kuti?"

Nkhani ya ku Ntcheu inathera pomwepo. Kompyuta ija inakhala zaka zina zinayi, ndipo mwezi uliwonse bambo ankainyamula pa njinga kupita nayo ku Biwi kuti tikaiuzire fumbi ndi mpweya wa kompuresa, ine ndikutsatira pambuyo. Anzawo akafunsa ankangoti, "Mwini wake ndi uyu."

Lero ndili ndi kashopu kanga kokonza makompyuta ku Area 49, ndipo funso lija limandipeza pafupifupi sabata iliyonse: mphepo kapena madzi? Amafunsa kwambiri ndi anyamata okonza mavidiyo a maukwati, amene makina awo amagwira ntchito yolemetsa tsiku lonse. Sindinyoza madzi. Bambo sananame, madzi amanyamula kutentha msanga kuposa mphepo, ndipo pa purosesa yamphamvu kwambiri ndimawaika ndi manja angawa, a kufakitale otsekedwa bwino, osati a kapampu ka pagalasi komwe kanapangidwira kulira masekondi ochepa. Koma ndimawauzanso kuti madzi amabwera ndi pampu yomwe tsiku lina idzafa mwakachetechete, ndi malo olumikiza pomwe dontho limadikira. Chitsulo ndi fani zilibe zambiri zoti zife, ndipo fani ikayamba kutopa imalira, umaimva, umagula ina. Kwa ambiri a ife, ndi fumbi lathuli, zimenezo n'zokwana. Ndipo kaya wasankha chiti, madzi amangonyamula kutentha kukakutula pa rediyeta, wokuchotsa pamenepo ndi mphepo yomweyo. Ndisanagulitse munthu chilichonse ndimamufunsa kaye komwe kompyuta yake imakhala. Mungadabwe kuchuluka kwa makabati ndi zitenje zomwe zikadalipo mumzinda muno.

Chomwe ndinaphunzira sichakuti akulu amalakwa, chifukwa zimenezo mwana aliyense amazidziwa. Amayi ankateteza, bambo ankachiritsa, onse ndi mtima wabwino, ndipo onse awiri akanaipha kompyuta ija chifukwa panalibe amene anatsegula n'kuyang'ana. Ine ndinayang'ana, ndipo chomwe munthu waona ndi maso ake sapepesa nacho, ngakhale chikwama chitamangidwa.

Bambo anatisiya zaka zingapo zapitazo. Tikulongosola katundu wawo, m'chitini cha masipanala ndinapeza kachitsulo kamkuwa ka Che Saidi, katakulungidwa m'kansalu koluka koyera ka amayi. Kali pa tebulo langa ku shopu, sikanalowepo m'kompyuta iliyonse. Mikwapulo itatu ija bambo sanaitchulepo mpaka kumwalira, inenso pepani wanga sindinamutulutse, ndipo ndikhulupirira kuti akanakhumudwa ndikanatero.